Bulgogi, galbi, samgyeopsal kapena dak-galbi: tiwotche iti?

Loweruka lapitali mmodzi wa ife anapatsidwa mpata woyankhula za chakudya cha phwando lathu lotsekera chaka. Ambiri munapempha kuti mawu ake alembedwe m'kalata yathuyi kuti amene sanabwere nawonso amve tisanavote. Nawa, monga momwe anayankhulidwira.

Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Nkhani yomwe ili patsogolo pathu mukuidziwa kale. Tinagwirizana kuti phwando la chaka chino likhale la zakudya za ku South Korea, poti ambiri a ife timagona mochedwa chifukwa cha mafilimu a kumeneko, ndipo tatopa n'kumangomeza malovu anthu akamawotcha nyama pafoni. A msungichuma atiuza poyera kuti ndalama za m'thumba zikukwana mtundu umodzi wokha wa nyama. Umodzi basi. Ndiye sabata yonseyi pagulu lathu la WhatsApp pakhala phokoso: uyu akuti bulgogi, uyo akuti galbi, ena akungolemba samgyeopsal m'zilembo zikuluzikulu. Ine ndapemphedwa kuti ndifotokoze mitundu imeneyi, kenako ndinene mbali yanga.

Mbali yangayo sindibisa mpaka kumapeto ayi. Voti yanga ikupita kwa dak-galbi, nkhuku ya mumzinda wa Chuncheon. Ndikuona ena mwayamba kale kupukusa mitu. Dekhani, ndipatseni mphindi zingapo. Mtundu uliwonse ndiupatsa ulemu wake, kenako muweruze nokha.

Choyamba timvetsetse tebulo lake, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. M'Chikoreya nyama yowotcha amati gogi-gui. Gogi ndi nyama, gui ndi chowotcha. M'malo odyera nyama imeneyi, moto sukhala kukhitchini. Umakhala pakati penipeni pa tebulo lanu, pomwe pali dzenje loikamo makala kapena mbaula ya gasi, pamwamba pake waya kapena chitsulo. Kuchokera kudenga kumalendewera paipi yoyamwa utsi. Nyama imabwera yaiwisi, mumawotcha nokha. Wina amagwira chopanira n'kumatembenuza, ndipo ikapsa amaidula ndi sizasi, osati mpeni. Mozungulira motowo mumadzaza timbale ting'onoting'ono ta ndiwo zotchedwa banchan, monga kimchi, yemwe ndi kabichi wosasitsa wa tsabola, nyemba zophukira ndi anyezi wa masamba. Timbale timeneti tikatha amawonjezera, osalipiritsa.

Kadyedwe kake amati ssam, kutanthauza kukulunga. Mumatenga tsamba la letesi padzanja, kuikapo kachidutswa ka nyama, kambewu ka adyo, ndi phala lokometsera lotchedwa ssamjang, kenako kukulunga n'kuponya m'kamwa kamodzi. Kuluma pakati n'kubweza theka m'mbale sikuoneka bwino. Ndipo m'mafilimu muja mwaonapo munthu akukulunga ssam n'kudyetsa mnzake kapena mayi ake. Kumeneko n'kusonyeza chikondi.

Tsono taonani kusiyana kwake ndi kanyenya wathu. Pakanyenya aliyense amaloza chidutswa chake, kulipira, kuthira mchere ndi tsabola, n'kudya chiimire. Chomwe mnzako wagula sichikukhudza. Ku Korea waya ndi mmodzi, ndipo m'malo ambiri salola n'komwe kuitanitsa gawo la munthu mmodzi, amati muyambire magawo awiri. Chomwe chaikidwa pamoto, mafuta ake ndi utsi wake zimafika kwa aliyense wokhala patebulopo. Choncho funso loti "umakonda iti" silingayankhidwe ndi lilime lokha. Ine ndayeza mtundu uliwonse ndi miyeso itatu: kukoma kwake, mtengo wake, komanso kuti ndani mwa ife angakhale patebulopo n'kudya momasuka.

Tiyambe ndi bulgogi, poti ndiyo yomwe dzina lake linafika patali. Bul ndi moto, ndiye kuti nyama ya pamoto. Imeneyi ndi nyama ya ng'ombe yodulidwa mopyapyala kwambiri, yonyikidwa mu sosi wa soya, shuga, adyo, anyezi, mafuta a chitowe ndi madzi a chipatso chotchedwa bae. Mukawerenga pa intaneti kuti amathiramo peyala, musathamangire mapeyala athu opaka pabuledi aja. Bae ndi chipatso chozungulira ngati apozi wamkulu, chamadzi ambiri, ndipo ntchito yake ndi kufewetsa nyama, monga momwe amayi ena kuno amachitira ndi papaya wosapsa.

Bulgogi ili ndi mbiri yaitali. Olemba mbiri ya zakudya amailumikiza ndi nyama yotchedwa maekjeok, yomwe inkawotchedwa yotungidwa pa timitengo m'nthawi ya ufumu wa Goguryeo, umene unatha m'chaka cha 668. Mu ufumu wa Goryeo, womwe unayamba mu 918, chipembedzo cha Chibuda chinachititsa kuti anthu achepetse kudya nyama, kufikira pomwe a Mongol analowa m'dzikolo m'zaka za m'ma 1200 ndi chizolowezi chawo chodya nyama. Mu ufumu wa Joseon, kuyambira 1392, nyama yodulidwa mopyapyalayi inkatchedwa neobiani, ndipo inali ya kunyumba zachifumu ndi za anthu olemera. Kwa mlimi wamba ng'ombe inali yolimira, ndipo boma linkaletsa kuipha mwachisawawa. Lero dera lililonse lili ndi kaphikidwe kake. Ku Seoul amaiphika pa chiwaya chotukuka pakati, msuzi n'kumasonkhana m'mbali. Ku Gwangyang amaithira zokometsera nthawi yomweyo n'kuiwotcha pa makala. Ku Eonyang amaidula tizidutswa ting'onoting'ono n'kuiyala pa waya ngati chitumbuwa chophwatalala.

Pa muyeso wa anthu, bulgogi yakhoza: ndi ng'ombe, ilibe tsabola, ndi yofewa moti ngakhale agogo atha kudya. Vuto lili pa mpeni ndi pathumba. Kuti ikhale bulgogi yeniyeni pamafunika mnofu wofewa wopanda fupa, wodulidwa mopyapyala ngati pepala, ndipo ku Korea amadula ndi makina nyamayo itauma pang'ono mufiriji. Kubutchala kwathu mukapempha kilo imodzi amakudulirani zibenthu, theka lake mafupa. Ndipo mnofu wofewawo ndiwo wodula kuposa wina uliwonse. Ndiwonjezere zanga: bulgogi imatsekemera. Ssam woyamba ndi wachiwiri amakoma zedi, koma pofika wachisanu shuga uja amayamba kukola.

Tibwere kwa galbi. Mawuwa amatanthauza nthiti. Wodula amatenga nthiti ya ng'ombe, kusenda mnofu kuchoka pafupa mosaudula, mpaka utatambasuka ngati lamba, kenako kuuchekacheka pamwamba kuti zokometsera zilowe. Ikafika pa makala, mafuta a pakati pa mnofu amasungunuka, shuga amapserera pang'ono m'mbali, ndipo kanyama kokakamira pafupa kaja ndiye kamene anthu amalimbirana. Apa ndinene chilungamo: pa kukoma kokha, galbi ndiye mfumu. Kukanakhala kuti tikusankha chakudya cha munthu mmodzi ndipo wina akulipira, ndikanangoti galbi n'kukhala pansi.

Mzinda wotchuka ndi galbi ndi Suwon, kummwera kwa Seoul, komwe Mfumu Jeongjo inamanga linga la Hwaseong pakati pa 1794 ndi 1796. Kumeneko kunali msika waukulu wa ng'ombe, ndipo mpaka lero amanyadira wang-galbi, nthiti zikuluzikulu zomwe amakometsera ndi mchere m'malo mwa sosi wa soya. Palinso LA galbi, yomwe amadula mopingasa mafupa kotero kuti chidutswa chilichonse chimakhala ndi timafupa titatu tozungulira m'mbali. Ambiri amalumikiza dzinali ndi anthu a ku Korea omwe anasamukira ku Los Angeles.

Koma ngakhale ku Korea komweko galbi si ya tsiku lililonse. Ng'ombe yawo ya makolo, yotchedwa hanwoo, amaiika m'magiredi kuyambira 3 kukwera mpaka 1++ potengera kwambiri mafuta a mkati mwa mnofu, ndipo mtengo wake ndi woopsa. Bokosi la nthiti zoterezi ndi mphatso yapamwamba yomwe anthu amapatsana pa zikondwerero za Chuseok ndi Seollal. Ndi nyama ya tsiku lobadwa la bambo, kapena tsiku lomwe mwana walandira malipiro ake oyamba. Kwa ife, kugula nthiti ndi kulipira fupa pamtengo wa nyama. Tikagawana tonse amene tili muno, aliyense apeza kachidutswa kamodzi kojambulitsa, kenako tikhute kabichi. Ilipo galbi yotsikirako mtengo, ya nthiti za nkhumba, yomwe dera la Mapo ku Seoul limadziwika nayo. Koma imeneyo ikutifikitsa pa nkhani ya nkhumba, ndiye tiyeni tilowe pomwepo.

Samgyeopsal. Eya, ndamva m'manja mwanumo. Sam ndi zitatu, gyeop ndi mizere yosanjikizana, sal ndi mnofu. Ndi nyama ya pamimba pa nkhumba, yomwe ukaidula umaona mizere ya mafuta ndi mnofu itasanjikizana. Sainyika m'chilichonse. Amangoiyala pa chitsulo chamoto chopendekeka pang'ono kuti mafuta azitsikira mbali imodzi, ndipo kumunsi komwe mafutawo akudutsa amaikako kimchi ndi adyo kuti zikazingike. Ikafiira mbali zonse amaidula, inu n'kuisunsa m'mafuta a chitowe othira mchere, kenako m'tsamba. Ikakhala ndi chikopa chake amaitcha ogyeopsal, mizere isanu, ndipo pachilumba cha Jeju, komwe kuli nkhumba zakuda zotchuka, amaisunsa mu msuzi wa tinsomba tamchere wowiritsa pamoto pomwepo.

Imeneyi ndiyo nyama ya anthu ogwira ntchito. Inafala m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pomwe anthu ankasamukira m'mizinda kukagwira ntchito m'mafakitale ndipo timbaula ta gasi tonyamula m'manja tinayamba kupezeka paliponse. Pa mavuto a zachuma a mu 1997, makampani akugwa ndipo anthu akuchotsedwa ntchito, ng'ombe inakhala maloto, anthu n'kutsamira pa nkhumba. Ndiyo imadyedwa kawirikawiri pa hoesik, chakudya chamadzulo chomwe a ofesi imodzi amadyera limodzi akaweruka, pomwe nthawi zambiri wamng'ono pa onse ndiye amagwira chopanira. Ili ndi tsiku lake, 3 Malichi, mwezi wachitatu tsiku lachitatu, lomwe linayamba mu 2003 pofuna kuthandiza alimi a nkhumba. Amaikonda kwambiri moti nkhumba za m'dzikomo sizikwanira, amachita kuitanitsa nyama ya pamimbayi kuchokera ku mayiko monga Spain. Ndipo siotchipanso monga kale: mu 2024 mtengo wa magalamu 200 m'malo odyera a ku Seoul unadutsa 20,000 won. Mu 2021 dzina lake linalowa mu Oxford English Dictionary, pamodzi ndi bulgogi, galbi ndi banchan.

Ndiye pa kukoma yakhoza, pa kuphweka yakhoza, ndipo kuno kwathu nyama ya nkhumba siivuta kupeza. Ikugwa pa muyeso wachitatu. Tayang'anani amene mwakhala naye pafupi. M'kalabu muno tili ndi anzathu achisilamu, tili ndi anzathu a Sabata, tilinso ndi ena omwe kwawo sadya nkhumba basi. Amasonkha ngati wina aliyense, ndipo pa ntchito zathu zonse amakhalapo. Ena mwanena pagulu paja kuti tingowagulira nkhuku yawo pambali. Taganizani bwino tanthauzo lake. Nkhuku imeneyo singakhudze waya womwe padutsa mafuta a nkhumba, singagwiridwe ndi chopanira chomwecho, singadulidwe ndi sizasi yomweyo. Pafunika mbaula yachiwiri, ziwiya zina, ndi malo ena kutali ndi utsi. Mapeto ake tikhala ndi maphwando awiri pabwalo limodzi, lalikulu ndi laling'ono, ndipo chinthu chenicheni chomwe tinasirira m'mafilimu muja, anthu onse kuzungulira moto umodzi, tikhala titachitaya. Ku Korea funso limeneli silivuta kwenikweni poti ambiri amadya nkhumba. Kuno ndi lathu, tiyenera kuliyankha tokha.

Ndisanafike kwa nkhuku yanga, nditchuleko za m'kati, chifukwa ndikudziwa kuti okonda nthumbwana mulipo. Anthu a ku Korea amawotcha gopchang, omwe ndi matumbo aang'ono, ndi daechang, matumbo aakulu odzaza mafuta. Mzinda wa Daegu umadziwika ndi makchang, ndipo uli ndi msewu wonse wa Anjirang wogulitsa zoterezi. Mu 2018 woimba Hwasa wa gulu la Mamamoo anaonetsedwa pa pulogalamu ya pa TV yotchedwa I Live Alone akudya gopchang yekha masana, ndipo anthu anakhamukira m'malo odyera mpaka matumbo anasowa. N'zokoma, koma kutsuka matumbo okwanira gulu lonseli ndi ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo si onse amene amadya za m'kati. Tizisiye kaye.

Tsopano dak-galbi. Dak ndi nkhuku, galbi mwamva kale kuti ndi nthiti. Chodabwitsa n'chakuti mulibe nthiti m'menemo. Dzinali likuchokera ku umphawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pasanathe zaka khumi nkhondo ya 1950 mpaka 1953 itatha, South Korea linali dziko losauka kwambiri. Nkhani yomwe anthu a ku Chuncheon amafotokoza ndi yoti mwini kamalo kena komwera, atasowa nthiti za nkhumba, anatenga nkhuku, kuitambasula, kuithira zokometsera za galbi n'kuiwotcha pa makala. Anthu anaikonda, ena n'kutengera.

Chuncheon ndi likulu la chigawo cha Gangwon, kumpoto chakummawa kwa Seoul, mzinda wa nyanja ndi mapiri. Amene munaonera Winter Sonata ya mu 2002, chilumba cha Nami chija chili komweko. Deralo linali ndi alimi ambiri a nkhuku, kotero nkhuku inali yotchipa. Linalinso ndi asilikali ambiri poti lili pafupi ndi malire a North Korea, komanso ophunzira a kuyunivesite. Amenewa ndi anyamata ndi atsikana a msinkhu wathuwu, a njala yaikulu ndi ndalama zochepa. Iwowa ndiwo anaitchukitsa, mpaka inkatchedwa galbi ya anthu wamba, ena amati galbi ya ophunzira. Patapita zaka ogulitsa anayamba kuiphika pa chiwaya chachikulu chozungulira, n'kuwonjezeramo kabichi, mbatata, anyezi ndi tteok, timibulu ta ufa wa mpunga, kuti nyama yochepa ikhutitse anthu ambiri. Lero m'dera la Myeongdong ku Chuncheon muli kamsewu komwe nyumba zake n'zogulitsa dak-galbi mbali zonse.

Mwamva zomwe zimalowamo? Nkhuku, kabichi, mbatata, anyezi. Ndipo chophikira chake ndi chiwaya, chonga chomwe timachiona tsiku lililonse pokazingira tchipisi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Hanwoo wa giredi 1++ ndi wa mphepo ameneyo. Izi zili pamsika wathu mawa m'mawa.

Tiiyeze tsono. Pa mtengo, nkhuku ndi yotsika kuyerekeza ndi mnofu wofewa wa ng'ombe, ndipo masamba ndi mbatata zimachulukitsa chakudya popanda kuchisukulutsa, chifukwa zimamwa msuzi wa nyamayo. Pa anthu, nkhuku ikazingidwa ndi mnzathu wachisilamu monga timachitira nthawi zonse, aliyense wodya nyama muno akhala pa moto umodzi. Pa kukoma, ili ndi zomwe bulgogi ilibe: kuwawa kwa tsabola, kutsekemera kwa mbatata, fungo la adyo ndi jinja, ndi kabichi wopserera pang'ono m'mbali mwa chiwaya. Siikola msanga. Ndipo ili ndi mathero omwe ine ndimati ndiwo mtima wake. Nyama ikatsala pang'ono kutha, amathira mpunga wophika m'chiwaya momwemo, kuusakaniza ndi msuzi wotsala, kuuyala mopyapyala n'kuusiya kuti upserere pansi. Amautcha bokkeumbap. Aliyense amatenga supuni n'kumapala. Okonda mkute ndi zokanda m'poto, tsiku lanu ndi limeneli.

Ndikudziwa zotsutsa zomwe muli nazo, ndipo ndiziyankhe muno momwemo.

Ena mukuti imeneyo ndi nyama yokazinga, ife tinagwirizana yowotcha. Dak-galbi ili pawiri. Ilipo ya pachiwaya, ilipo ya pamakala, yomwe amaitcha sutbul dak-galbi, ndipo ya pamakalayo ndiyo yoyambirira. Ku Chuncheon zonse ziwiri zikugulitsidwa mpaka lero. Ife titha kuchita zonse: ntchafu zina tiwotche zotambasula pa waya, tidule ndi sizasi n'kukulunga m'letesi monga m'filimu, zina tiphike pa chiwaya ndi masamba. Nyama ndi imodzi, zokometsera n'zimodzi, lamulo la a msungichuma silinaswedwe.

Ena mukuti nkhuku timadya kale, chachilendo n'chiyani. Ng'ombe ndi nkhumba timadyanso kale, anzanga. Chachilendo pa gogi-gui si chiweto, ndi zokometsera ndi kadyedwe. Nkhuku ya gochujang yokulunga m'tsamba ndi adyo sikufanana ndi ya pa Khirisimasi ya tomato ndi anyezi.

Ena mukuopa tsabola. Tsabola wogaya wa ku Korea, gochugaru, ndi wofiira kwambiri koma sawawa ngati kambuzi wathu. Choncho wina asadzatenge supuni ziwiri za kambuzi poganiza kuti akutsata malangizo, tidzathawa tonse. Tikasowa gochugaru tisakanize paprika wambiri ndi kambuzi pang'ono. Ndipo omwe safuna tsabola m'pang'ono pomwe, ntchafu zawo zithiridwe mchere ndi adyo basi. Ku Chuncheon nakonso ya mchere yokha imagulitsidwa.

Chotsutsa champhamvu ndi cha gochujang, ndipo ndikuchivomereza. Limeneli ndi phala lofiira la tsabola wogaya, mpunga womata, ufa wa soya wosasitsa ndi mchere, lomwe mwachikhalidwe amalisunga m'mitsuko miyezi ingapo kuti likhwime. Tauni ya Sunchang ndiyo imatchuka nalo. Ndilo limapatsa dak-galbi kukoma kwake, ndipo si la pagolosale ya pakona. A komiti afufuze m'masitolo akuluakulu a m'tauni sabata ino, ndipo akalipeza awerenge chizindikiro chake bwino, chifukwa makampani ena amathiramo mowa pang'ono kuti lisawonongeke. Likapanda kupezeka, tisakaniza paprika, kambuzi, sosi wa soya, uchi ndi tomato wa m'chitini. Sizidzafanana ndendende, ndipo tidzanena zoona kuti ndi ya kwathu. Koma kumbukirani mmene chakudyachi chinabadwira: munthu anasowa chomwe ankafuna, anagwiritsa ntchito chomwe chinalipo. Sitidzakhala titalakwira mwambo wake.

Kuti muone kuti n'zotheka, nayi miyeso ya kilo imodzi ya ntchafu zochotsa mafupa, yokwana anthu anayi kapena asanu. Supuni zazikulu 4 za gochujang, 2 za tsabola wogaya wosawawa kwambiri, 3 za sosi wa soya, 2 za shuga, 1 ya mafuta a chitowe, mbewu za adyo 6 zosinja, kachidutswa ka jinja, ndi theka la supuni ya kale wa ufa, yemwe ophika ambiri a dak-galbi amathirako. Nyama ikhale m'zokometserazi ola limodzi pamalo ozizira. Pa chiwaya muyambe ndi mafuta pang'ono, kabichi theka wodula mokulirapo, mbatata ziwiri zodula mopyapyala kuti zipse msanga, anyezi, kenako nyama pamwamba. Muzitembenuza kwa mphindi 15 mpaka 20. Mbatata ikafewa, dulani chidutswa chachikulu cha nyama muone mkati. Nkhuku si ng'ombe, siidyedwa yofiira mkati. Ndipo mbale ndi chopanira zomwe zakhudza nyama yaiwisi zisakhudze yakupsa zisanatsukidwe. Sitikufuna kuti chaka chitsekedwe ndi mzere wa kuchimbudzi.

Ntchito nayo igawika bwino. Ena achotse mafupa, ndipo mafupawo tiwiritse akhale msuzi. Ena atsuke letesi, ena asinje adyo, ena aphike mpunga. Kimchi wachangu wa kabichi atha kukonzedwa kutatsala masiku awiri kapena atatu. Za mwambo woti wamng'ono ndiye awotche, umenewo tiusiye ku maofesi a ku Seoul. Kuno tidzasinthana, ndipo a wapampando nawo adzagwira chopanira.

Anzanga, Loweruka likudzali tivota. Bulgogi ikapambana ndidzalandira, ndipo ndidzabwera ndi mpeni wonola kudzathandiza kudula. Galbi ikapambana, a msungichuma adzatiuza kuti aliyense awonjezere zingati. Amene mtima wanu uli pa samgyeopsal, sindikuti mwalakwa kuikonda, anthu mamiliyoni ku Korea ali mbali yanu. Ndikungopempha kuti musanakweze dzanja muwerenge anzanu omwe adzakhale pa mbaula yachiwiri ija, muwatchule maina mumtima, muone ngati mukufunadi kudya iwo ali uko. Samgyeopsal mutha kudzaiwotcha kwanu tsiku lina lililonse. Phwando la kalabu limabwera kamodzi pachaka, ndipo ndalama zake tasonkha tonse.

Pomaliza, phunzirani mawu awa, tidzawanenere limodzi moto ukadzayaka. Anthu a ku Korea asanayambe kudya amati jal meokgetseumnida, kutanthauza kuti ndidya bwino, ndipo ndi njira yothokozera amene wakonza kapena walipira chakudyacho. Tayesani. Jal meok-get-seum-ni-da. Kumbuyoko simunamveke, koma muli ndi sabata yonse yoyeserera.

Mafunso alipo?